Bedi Limodzi, Ana Awiri

Ndalama ya hositelo inakwana mwana mmodzi.
Amayi anaponya khobidi m'mwamba, maso atatsinzina,
linagwera iwe, Asiyatu,
ine ndinatsala ku Bangwe ndi ndowa ziwiri.

Iwe umadzuka belu likalira.
Ine ndimadzuka tambala wa a Chimbalanga asanakutumule mapiko,
kukaima pamzere wa pampopi,
kenako minibasi ya ku Limbe, inanso yolowera m'tauni,
kondakitala akundipanikiza ndi chigongono,
masamu a dzulo akukwinyika m'chikwama.
Pomwe ndizifika,
aphunzitsi afufuta kale theka la bolodi.

Unkandiuza kuti kwanuko magetsi akazima jenereta imalira,
mumawerenga mpaka teni koloko.
Sunandiuze za nyemba zofumbwa,
za nsikidzi zomwe zinajambula mapu pamsana pako,
za chifuwa choyenda bedi ndi bedi
ngati kalata yobisira metironi.
Ndinadzionera ndekha ku Gulupu:
diripi kudzanja, milomo yong'aluka,
siketi ya yunifolomu itakukulira.
Ndinakubweretsera nthochi.
Iwe unangofunsa ngati tafika pa mutu wa magazi mu Bayoloje.

Anthu amati ine ndiye wathanzi.
N'zoona, ndimadya bonongwe wa kuseri kwa bafa,
mapeyala amene amayi abwerera nawo kumsika,
ndikadwala mutu pali wondigwira pachipumi.
Koma buku ndimalitsegula mbale zitatsukidwa,
mwana wa achemwali atagona,
wailesi ya aneba ikadali kulalikira.
Tsamba lomwelo ndaliwerenga kanayi sabata ino.
Pali dontho la kandulo
pomwe panayenera kukhala yankho.

Zotsatira zitatuluka, mapointi ako anali ochepa, okoma,
anga ochuluka ngati ngongole ya pagolosale.
Amayi analulutira, kenaka anandiyang'ana,
nthungululu n'kuthera pakhosi.
Sindinawakwiyire. Khobidi lilibe mwana wokondedwa.

Tsopano wabwera. Tikugonanso pamphasa imodzi
monga tinagonera m'mimba imodzi.
Umatsokomolabe kukamacha,
umadya mofulumira, dzanja lina litatchinga mbale,
umadzidzimuka faifi koloko kufunafuna belu
pomwe kunja kukungolira ndowa za anthu.
Usiku wina unandinong'oneza:
ndinkakusirira, iwe unali ndi amayi.
Ndinafuna kuyankha kuti iwe unali ndi nyali,
koma unali utagona kale,
nthiti zako zikuwerengeka pansi pa chitenje.

Dzulo posesa ndinalipeza khobidi lija
kuseri kwa kabati, lita dera ndi fumbi.
Ndalitembenuza uku, ndalitembenuza uko.
Ndaliika m'thumba la yunifolomu,
mwina likwanira poonjezera ya minibasi
Lolemba, ndikamakalembetsanso fomu folo.