Mtengo wa Tsamba Limodzi

Wosindikiza mabuku ku Lilongwe anandilembera pakapepala:
osachepera mazana asanu,
apo ayi makina sadzuka.
Ine ndili ndi ana khumi ndi anayi
m'kalasi yakumapeto, kuseri kwa thanki ya madzi,
kuno ku Salima kumene choko chimanyowa ndi thukuta la m'manja.

Ndinafunsa: nanga tsamba limodzi, mtengo wake bwanji?
Anaseka.
Akuti tsamba lokhuthala loti mwana alume osang'ambika,
la madontho otumphuka oti chala chiwerenge,
limenelo si tsamba, mayi, ndi mbuzi yathunthu.
Kapepalako ndinakafumbata m'minibasi.
Pofika pa Mvera kanali katafewa ngati chigamba.

Asiyatu saona.
Nkhuku amaidziwa kulira kwake, kutentha kwa kukhwapa kwake,
koma m'buku lathu la sukulu nkhuku ndi pepala losalala,
ndege chimodzimodzi, mvula chimodzimodzi.
Ndaziona samva.
Amavundukula tsamba ndi tsamba kufunafuna manja olankhula,
koma anthu onse ojambulidwamo ayasamula kukamwa,
manja ali m'matumba.
Ndiye pali Swaleyi.
Zinthu zikachuluka patsamba amatsinzina, n'kuyamba kudzigwedeza.
Iye amafuna chinthu chimodzi basi: njinga.
Mawa njinga yomweyo.

Makalata ndalemba khumi ndi awiri.
Ena anayankha kuti chaka chino akuona za zimbudzi.
Ena anati ndidzaze fomu, ndinadzaza,
anati fomuyo inali ya chaka chatha.
Ena anabwera ndithu pagalimoto yoyera,
anafoletsa ana pamthunzi wa mtondo, anawajambula.
Zithunzi za ana zinapita.
Mabuku a zithunzi sanabwere.

Lachinayi lina ndinapita nayo nkhaniyi ku banki m'khonde,
manyazi nditawasiya pakhomo pamodzi ndi nsapato.
Mayi ake a Swaleyi anamasula mfundo ya chitenje,
ndalama zake zikununkhira mafuta a mandasi.
A Nalikole anati alibe kanthu,
koma mawa lake anatumiza mdzukulu ndi chigoba cha mpunga.
Telala wa pamsika anatipatsa zidutswa za nsalu thumba lodzadza,
kalipentala sandipepala wotha,
mnyamata wa kabaza chubu chophulika ndi masipoko atatu.

Masabata asanu ndi limodzi, usiku, patochi ya foni.
Makatoni a sopo anasanduka masamba.
Mpunga womata ndi guluu unasanduka mvula.
Njinga ya Swaleyi ili yokha pakati pa tsamba loyera,
gudumu lake limazungulira ukalikankha.
Manja a Ndaziona ndinawalemba mozungulira ndi pensulo
akunena kuti madzi, akunena kuti amayi, akunena kuti ayi.
Madontho ndinaboola limodzilimodzi
mpaka chala changa chamkombaphala chinachita thuza.

Mabuku atatu.
Onenepa, opindika, okana kutsekeka bwino.

Lolemba ndinaika loyamba pamiyendo ya Asiyatu.
Anayendetsa zala pamvula, anamwetulira.
Anatsegula tsamba lachiwiri, anaima nthawi yaitali,
anasisita, ananunkhiza,
kenaka anati:
Aphunzitsi, pansipa mwalemba kuti nkhuku,
koma nthenga izi ndi za bakha.

Zinalidi za bakha.
Ndinazitola kuseri kwa nyumba ya a hedimasitala, ndili pachangu.
Ndinaseka mpaka misozi, Ndaziona akundifunsa ndi manja kuti kwagwanji.
Buku langa loyamba, ndipo lapeza kale wolikonza.

Madzulo ano ndikusomola tsambalo.
Kapepala ka wosindikiza kali m'chitini cha banki m'khonde,
pansi pa makwacha amene sanakwanebe mwendo umodzi wa mbuzi ija.
Mazana asanu kuchotsa atatu,
samuyi Swaleyi akuidziwa kale yankho.
Amene muli ndi nkhuku yoyoyoka nthenga kumbali ya ku Kaphatenga,
mundisungireko.