Zosawerengeka

Mwandida wanditsatira ku Tsoka ndi kope lake,
wakhala pa belo lomwe sindinamasule.
Mawa mayeso a Chingerezi.
A Nkhonjera awalembetsa mawu onena za kuchuluka,
tsamba lonse tho, mpaka m'mphepete.

Akuti Mngelezi asananene kuti zachuluka
amayamba wafunsa: kodi zimawerengeka?
Zikalola kuwerengedwa, akuti meni.
Zikakana, akuti machi.
Ine ndaseka, machi ndimamudziwa wa machesi basi.

Ndati tiye ndikuyese.
Masiketi awa? Meni.
Mabatani othothoka pansi pa belo? Meni.
Anthu owoloka pa kamlatho ka matabwa,
aliyense kandalama kali m'manja? Meni.
Fumbi la Okutobala? Machi.
Utsi wa pa chiwaya cha tchipisi? Machi.
Mpaka apa Mngelezi ndi ine tikuyendera limodzi.

Nanga madzi?
Machi, amayi, madzi sawerengeka.
Iwe mwana iwe,
amene umandandika zigubu pa mpopi ku Chinsapo kusanache,
zinayi tikagulitsa, ziwiri tikapanda kugulitsa,
lero madzi sawerengeka?

Nanga ndalama?
Wanyowetsa chala, watembenuza tsamba,
wayankha osandiyang'ana: machi.

Apa ndaika pansi juzi ndimapindayo.
Ine usiku uliwonse ndimamasula mfundo ya chitenje,
kuwongola mapepala onunkha thukuta pabondo,
iyi ya lendi,
iyi ya chiphaso cha khonsolo,
iyi ya katapila wa a Mbalule,
iyi ya fizi yako.
Ndimawerenga kawiri,
kachitatu ndimangoti mwina zaswana ndili kosamba.
Amene anakhazika lamulo limenelo
sanamvepo kondakitala akumuuza kuti yaperewera, tsikani.

Pali enanso, akutero Mwandida, okometsera nkhani:
phiri la zovala, matani a ntchito,
chigumula cha makalata.
Phirilo ndavomera, ndi ili ndakhalapoli,
linakwera sitima kuchokera kwawo komweko,
kumene munthu amatopa ndi malaya asanang'ambike.
Koma chigumula asachiseweretse pa makalata.
Chaka chija mtsinje uwu unanyamula milatho yonse
ndi mabelo awiri a NaPhiri osamasula,
mpaka lero mayi uja akugulitsa mandasi.

Ndati lemba anganso.
Mbwee, ngati tomato wa pambuyo pa mvula.
Khwimbi, namtindi, chinamtindi cha pa depoti Lachisanu.
Miyandamiyanda. Zankhaninkhani.
Piringupiringu, pamene kuchulukako kukuyenda ndi miyendo.
Mwanaalirenji, ngakhale ameneyo sanapondepo pakhomo pathu.
Ndiponso dzina la ntchito yanga yomweyi,
kaunjika,
mawu amodzi, mulu wonse uli momwemo.
Athuwa safunsa kaye ngati zimawerengeka,
amangotula pansi, iwe nkumva kulemera.

Amenewo sabwera pa mayeso, amayi.
Ndikudziwa.
Lemba kuseri kwa chikuto, pomwe a Nkhonjera safika ndi cholembera chofiira.

Kwabwera mtsikana wa ku banki,
wafukula mulu wonse, wayesa mabulauzi asanu ndi awiri,
wanenerera mtengo mpaka mate kuuma,
wagula mpango umodzi.
Umodzi alibe vuto m'chilankhulo chilichonse.

Dzuwa lapendeka kuseri kwa mzikiti.
Tikubwezera phiri m'thumba,
ine kupondereza ndi bondo, iye kukoka chingwe,
milomo yake ikadayendabe: meni, machi, meni, machi,
ngati wosankha nyemba.
Kenaka waima, chingwe chili m'mano.

Amayi, nanga kutopa?

Ndati gwira mbali iyo,
minibasi za ku Chinsapo zikweza mtengo kukada.