Mabokosi Asanu ndi Anayi

Lachinayi lililonse ku Łódź, m'chipinda chapansi
pa sitolo yogulitsa mabatani ndi ulusi,
timakhala anayi pa tebulo lotsimphina,
mwendo umodzi wochirikizidwa ndi katoni yopinda.
Panja chipale chofewa chikukwirira njanji,
muno Bogumił akuyala mapu a dziko lomwe kulibe
n'kunena kuti, "Tinalekezera pa mlatho."

Pa pepala la munthu wanga, pakona,
pali mabokosi asanu ndi anayi, atatuatatu:
chopingasa, kuchoka ku lamulo kukafika ku chipwirikiti;
chotsika, kuchoka ku ubwino kukafika ku nkhanza.
Ine ndinachonga la pamwamba kumanzere
osaganiza kawiri, ngati posainira malipiro.
Wabwino, wosunga lamulo.
Msilikali wa chishango choyera, dzina lake Radomir.
Nanga si ntchito yanga ndi yomweyo?
Ndimayendera matikiti m'tiramu.

Wiesława anachonga la pansi kumanja.
Mfiti yake imazula mano a akufa,
inagulitsapo wansembe wa Ignacy
pofuna mphete ya mwala wofiira.
Mwiniwake amaseka mpaka kutsamwa,
ndipo amachoka naini koloko isanakwane
kukatembenuza odwala ku nyumba ya okalamba
kuti misana yawo isachite zilonda.

Usiku umenewo Bogumił anati:
"Mfumu inalamula, dzuwa likalowa chipata chitsekedwe.
Dzuwa lalowa. Kutsidya kwa mlatho kuli banja,
ngolo yathyoka gudumu, mimbulu ili m'mbuyo.
Radomir atani?"
Ndinati, "Atseka."
Sindinaponye n'dayisi yomwe.
Ignacy anaika tiyi wake pansi pang'onopang'ono.
Zii.

Bogumił sanakalipe. Anangokankha chofufutira
kudutsa mapiri ojambula, kuwoloka mtsinje,
mpaka chinagunda chala changa.
"Lamulo walisunga. Liwu linalo lili kuti?"

Ndinakangana naye. Ndinati mu mzinda muli ana zikwi,
chipata chikatsegukira mmodzi chazolowera.
Zinali zomveka. Ngakhale pano n'zomveka.
Koma mlandu suwola:
m'mawa wa tsiku lomwelo, pa siteji ya pamsika,
ndinali nditalembera chindapusa mayi wa chipewa chobiriwira
amene tikiti yake inapitirira ndi mphindi zinayi.
Anapisa m'chikwama, natulutsa makiyi,
mankhwala a m'maso, chithunzi cha galu,
ine ndili chilili, cholembera m'manja,
ndikudziona ngati munthu wabwino.

Ndinafufuta. Dzanja langa limadinda kwambiri polemba,
chizindikiro chakale chinatsala ngati chipsera.
Ndinatsika bokosi limodzi:
wosunga lamulo, basi,
chifundo ndi nkhanza sazifunsa.

Wiesława, dzanja limodzi lili kale m'jasi, anati,
"Usachite nkhope yamaliro. Ndi pensulo.
N'chifukwa chake sitilemba ndi inki."
Kenako mfiti yake inatsika khoma ndi chingwe
kukatenga banja lija.
"Si chifundo ayi," anatero, "ikufuna kavalo wawo."
Dayisi ya mbali makumi awiri inagubuduzika,
inagunda kapu, inaima pa 17.
Ana atatu analowa mu mzinda ali moyo,
kavalo anapita ndi mfiti,
ndipo Radomir, pamwamba pa chipata,
anayang'ana kumbali.
Zimenezo ndinanena ndine. Palibe anandiuza.

Ndinakwera tiramu yomaliza.
Ndinadinda tikiti, ngakhale munali ine ndekha
ndi dalaivala woyasamula.
Pepala lili m'thumba, lopindidwa kanayi,
bokosi lakale ndi latsopano akhudzana nkhope.
Bogumił amati bokosi silitsogolera munthu,
limangobwera m'mbuyo kuwerenga mapazi ake,
ndipo akuti kutsogoloku kuli mlatho wina.
Sananene kuti liti.

Mawa ndi Lachisanu.
Ndiyamba faifi koloko, kukadali mdima,
pa siteji ya pamsika.