Maenje a Malizani

Ndine Malizani, wokumba.
Mu Kanyama muno mukafunsa za piki ndi fosholo
ana akulozerani khomo langa.
Chimbudzi ndimakumba, chitsime ndimakumbanso;
mtengo umatengera kuuma kwa mwala.

Pa puloti ya a Daka ndinakumba zonse ziwiri.
Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.
Ndinawerenga mapazi kuchokera pa dzenje ili kufika pa ilo:
asanu ndi anayi.
Ndinati, bwana, zayandikana izi.
Iwo anati, puloti ndi yomweyi,
ukufuna ndikakumbe m'thumba mwanga?
Mabanja asanu ndi limodzi a lendi anali kudikira.
Ndinalavulira m'manja, n'kugwira piki.

Mwala wa kuno ndi wabodza.
Pamwamba umabweza piki mpaka manja kuchita dzanzi,
koma m'kati muli ngati m'chulu,
mphako kulowa m'mphako inzake,
ndipo madzi amayendamo osaodira kwa munthu.
Ndinkadziwa.
Wokumba aliyense amadziwa.

Madzi anatuluka oyera mbee.
Zelipa wa chipinda chakumapeto anaomba m'manja,
anati basi, mzere wa pa kiyosiki ndatsazika,
zodzuka folo koloko ndi zigubu zatha,
ndalama ya madzi igule makala.
Kapu yoyamba anapatsa ine. Ndinamwa.

Januwale anabwera ndi mvula yake.
Ngalande zinatsamwa ndi mapulasitiki ndi matewera,
msewu unasanduka dambo,
tinkalumpha pa njerwa, nsapato zili m'manja,
ndipo pansi pathu, mumdima,
dzenje lina linapereka moni kwa linzake.

Tikambenji anali ndi zaka zinayi
ndi dzino limodzi lakuda ndi maswiti.
Anayamba Lachiwiri madzulo.
M'mimba munatseguka ngati mpopi umene tonse tinkaulota,
zotuluka ngati madzi otsukira mpunga.
Pofika m'mawa maso anali atalowa m'kati,
khungu ukalitsina linkangoima osabwerera.
Mayi wake anang'amba paketi ya madzi a moyo
n'kuisungunula ndi madzi a m'chitsime changa.

Galimoto inamutengera ku bwalo la mpira,
kumene mabedi oboola pakati anandanda
pansi pa mipando ya ochemerera.
Pa geti anthu ankatchera khutu kudikira mayina.
Zelipa anaima pamenepo masiku awiri,
kajuzi kofiira kali m'manja.

Dzenje lachitatu sindinakumbe ine.
Anabwera ovala zoyera mpaka kumaso,
mwana atakulungidwa m'pulasitiki.
Panalibe kusambitsa, panalibe kuona nkhope.
Nyimbo inathera pa vesi yoyamba
mpope wa klorini ukutiwaza kumapazi.

Sabata yotsatira kunamveka chimkuzamawu:
zitsime zonse zikwiriridwe.
Anafunsa, ndani ali ndi fosholo?
Ana analoza khomo langa.
Ndinalipidwa kukumba, ndinalipidwanso kukwirira.
Ndalamayo ndinagulira ufa,
ndipo unali ufa ngati ufa wina uliwonse.

Tsopano pa mphambano paima thanki ya miyendo yachitsulo.
Masiku ena muli madzi.
Masiku ena ana amaimenya ndi miyala kuti amve kulira kwake.
Zelipa amadutsa pano folo koloko, zigubu ziwiri,
ndipo amandipatsa moni.
Akadanditukwana bwenzi ndikugona.

Dzulo a Daka anatuma mwana:
chimbudzi chadzaza, akufuna china,
komanso thanki yauma masiku asanu,
ndiye mwina, ati, kadzenje kakang'ono kuseri,
ka madzi ochapira basi.

Lendi yanga ndi ya Lachisanu.
Piki ili pakona, dothi la Januwale likadali pa mpini.
Chikhalireni pakhonde kuyambira m'mawa,
ndikungowerenga mapazi ndi maso
kuchokera pa khomo langa kufika pa puloti ija.