Bokosi Limodzi

Kalaliki wa ku Hopelchén ali ndi fomu,
cholembera chabuluu, ndi fani yosazungulira.
Akuti: Bambo Cauich, mwataya chiyani?
Ndikuti: kaab.
Akuti: m'Chisipanishi, chonde.
Mabokosi alipo atatu apa,
uchi, ziweto, munda. Muchonge limodzi.

Ndi momwe ndinayambira kuchedwetsa mzere.

Mwana iwe, kwathu liwulo ndi limodzi.
Kaab ndi chija chimatsetsereka
ukazula chitsekero cha mng'oma n'kuupendeketsa,
chamadzimadzi, chowawasira kumapeto kwa lilime,
chimene Eulogia wanga amadonthezera m'maso mwa okalamba
ng'ala ikayamba kuwaphimba.
Kaab ndi kanthu kouluka kamene kanachipanga.
Kaab ndi pansi pomwe nsapato zakozo zaponda,
mpaka ku Mérida, mpaka kotsirizira nyanja.
Sitinasowe mawu ayi.
Amene anatchula anayang'ana katatu
n'kuona chinthu chomwecho.

Iye akuyang'ana wotchi.

Zathuzi timaziti xunaan kaab, madona a uchi.
Zilibe mbola.
Pakhomo pa mng'oma pamakhala imodzi yokha,
kamutu kali suzu ngati mlonda wa pabanki,
kupatukira aliyense wobwera ndi katundu.
Ming'oma makumi awiri ndi itatu,
ina yakale kuposa ukwati wanga.

Akuba ndimawadziwa, sindinabwere kudzawanenera.
Pali sanjool wamutu wa imvi ngati wanga,
amabwera m'bandakucha, kuswa umodzi, kunyambita, ulendo.
Pali chija inu mumati chimbalangondo cha uchi,
chonsecho si chimbalangondo,
mano chilibe, ntchito kunyambita nyerere.
Dzina lokha linachipachika mlandu.
Onsewo amasiya mbewu.

Koma Lachinayi lija kunadutsa kandege
cha kumunda wa soya, kutsika mpaka kumeta nsonga za mitengo.
Maluwa a tajonal anali atangoyamba,
tchire lonse lili chikasu mbuu.
Loweruka ndinasesa ndi tsache, mwana iwe.
Zinadzaza chidebe cha penti.
Zimapepuka, ukudziwa? Chidebe chodzaza
ndinachinyamula ndi chala chimodzi.

Ndiye undiuze ndiwe wapita kusukulu.
Ndichonge uchi? Udakalimo m'miphika yake ya phula,
koma ndani angauthire m'diso la munthu tsopano?
Ndichonge ziweto? Sindinazimangepo chingwe.
Ndichonge munda? Mpanda uli chilili,
miyala sinasunthe,
koma ndikaima pakati pake masana
ndimamva magazi anga okha m'makutu.
Ts'iits'ilche' adzachita maluwa mwezi wamawa
ngati wophika phwando pamudzi wosamuka.

Kumbuyo kwanga wina akutsokomola mwadala.

Kalaliki uja watula cholembera.
Pa chifuwa pake pali dzina, Canul,
ndiye kuti wina kwawo ankalitchula liwuli
asanaphunzire kuliopa.
Akuti motsitsa mawu, m'chinenero chathu chothyokathyoka:
Atate anga analinso nayo, isanu ndi umodzi.
Kenako mokweza: makina salola mabokosi atatu.

Watembenuza fomu.
M'munsi mwenimweni muli kamzere, kolembedwa kuti Zina,
kafupi ngati chala chakankombaphala.
Walemba zilembo zinayi.
Zakwana, malo n'kutsalako.

Wadinda chidindo, n'kuitana wotsatira.
Ine ndatuluka panja, dzuwa lili pamutu,
ndaponda kaab,
ndikupita kukatsegula zotsalazo
kuti ndione ngati pakhomo pena pali kamutu.