Mbale ya Chisanu ndi Chiwiri

Chaka chilichonse, chipale chikasungunuka m'mapiri a Lori,
bambo amasankha mwana wa nkhosa wopanda chilema,
amamunyambititsa mchere wodalitsidwa m'chikhato chawo
n'kumuzungulitsa katatu tchalitchi cha miyala yakuda.
Chingwe ndimagwira ndine.
Kamandinunkhiza zala, kosadziwa kanthu.

Nyamayo timaphika ndi madzi ndi mchere basi.
Mbale zisanu ndi ziwiri, makomo asanu ndi awiri,
dzuwa lisanalowe.
Makomo asanu ndi limodzi amatsegula, amati Mulungu alandire.
Lotsiriza ndi la mayi Arpenik.

Mwana wawo anali ndi zaka zisanu ndi zinayi
ndi njinga yobiriwira ya belu losalira.
Bambo anali ndi lole ya matabwa
ndi matambula atatu a kachasu wa mabulosi m'mimba.
Pokhotera pa chigayo paja.
Zotsalazo analemba a khoti:
zaka zinayi, anatuluka mutu uli mbuu,
chiwongolero sanachikhudzenso.

Ndimagogoda. Ndimamva mapazi,
kenaka kupuma kwa munthu kuseri kwa thabwa,
kenaka zii.
Ndimabwerera mafuta ataundana pamwamba pa msuzi,
bambo n'kuyang'ana mbaleyo ngati kalata yobwezedwa yosamatula.

Chaka chatha wansembe Husik, wa dzino lagolide uja,
anawaimitsa pachipata.
"Hrach, nkhosa si ndalama.
Nyamayi n'chifundo kwa anjala, si dipo.
Mlandu wako anausenza wina kalekale, pamtengo paja,
ndi magazi oposa a m'khola mwako.
Ukufuna kulipira kawiri?"
Bambo anapukuta mpeni pa buluku.
"Atate, ngongole yanga, wolipira wina?
Wa pamtandayo nkhope yake sindinaione.
Amene ndinamuona ine anavala nsapato imodzi."
"Eya," anatero wansembe, "n'chifukwa chake sungathe wekha."
Ndipo anathamangira kukatseka mawindo,
mphepo inkazimitsa makandulo.

Usiku umenewo ndinawapeza kumanda,
chala chikutsata mizere yolukanalukana pa mtanda wamwala,
kufunafuna pomwe ulusi unayambira.
Mitanda yathu kuno ilibe mtembo.
Imaphuka masamba kumapazi, mphesa m'mapewa.
Mwina apa ndi pomwe pamavutira bambo:
akufuna kuona bala,
mwala ukuwaonetsa munda.

Chaka chino nditanyamula mbale yotsiriza
anandigwira dzanja. "Bwera nayo."
Anayenda okha, msuzi ukutayikira pa zala,
ine pambuyo ngati kamwana, ngakhale ndili ndi ana anga awiri.
Sanagogode. Anangoima.
Zaka khumi ndi zitatu chitseko chimenecho chimadziwa phazi langa,
lero chinamva kulemera kwina,
chinalira m'mahinjesi.

Mayi Arpenik afupika.
Mpango wakuda wasanduka wotuwa.
"Nyama yako sindidya."
"Ndikudziwa."
"Nanga wabwera nayo bwanji?"
"China chobwera nacho ndilibe."

Anawayang'ana nthawi yokwanira kuti mbale ileke kufuka nthunzi.
"Tchula dzina lake."
M'nyumba mwathu dzina limenelo silinamvekepo;
timati ngozi ija, timati chaka chija.
Kukhosi kwa bambo kunakwera, kunatsika.
"Gurgen."
"Bwerezanso."
"Gurgen."
Mawondo anagonja okha, palibe anawauza.

Sananene kuti ndakukhululukira.
Musandinamizire mukamakamba nkhaniyi.
Mbale sanalandire.
Anangoti, "Ukundilowetsera mphepo. Lowa kapena choka."
Bambo anavula chipewa, nalowa.

Ine ndinatsala pakhonde ndi nyama yozizira,
kuingitsa galu wa oyandikana nawo,
poti chodalitsidwa sichigwera agalu.
Sindidziwa amene analipira chiyani madzulo amenewo,
kaya nkhosa khumi ndi zitatu zinafera chabe,
kaya wa pamtanda uja anali m'katimo, pa mpando wachitatu.
Ndinangomva ketulo ikuikidwa pamoto,
ndi makapu awiri akugundana
m'dzanja limodzi lonjenjemera.