Misoti Itatu ya ku Kamwendo

Ndinaigula ku Kamwendo dzuwa lili paliwombo,
misoti itatu, ndi ndalama ya soya ija
imene Nankhoma ankati ndi ya malata.
A Lufeyo ogulitsa anapuliza nthenga kuti ndione khungu,
amvekere, "Iyi yatsala pang'ono kutetera, bambo,
mwezi usanathe mudya dzira."
Ogulitsa onse amatero.
Ine ndinaisuzumira m'maso, ndinaiyasamulitsa kukamwa,
ndinaitukula mchira ngati wa chipatala cha ziweto,
poti chitopa cha chaka chatha chinandiphunzitsa:
nkhuku khumi ndi zisanu ndi imodzi
ndinazikwirira dzenje limodzi kuseri kwa nthochi,
khola n'kutsala kukamwa yasa.

Wina wakuda bii, wa Mikolongwe,
wina wamawanga ngati unabadwa kwa nkhanga,
wachitatu kameta, khosi psuu lopanda nthenga,
umene ana a pamjigo anauseka mpaka kutaya madzi.
Ndinamanga dengu pakaliyala ndi mphira,
pamwamba kachidutswa ka neti yakale.
Malole anatimwetsa fumbi msewu wonse.
Chubu chinaphulika tisanaoloke Bua,
ndinakankha njinga thukuta kamukamu,
n'kuima pamthunzi wa msuku
kuimwetsa madzi m'kachitsekero ka botolo,
umodziumodzi, uliwonse kuloza mlomo kumwamba.

Pakhomo anatilandira ndi Mwinikhomo,
thadzi lokalamba lija chitopa chinalilambalala.
Linazungulira dengu kawiri, khosi njoo,
diso limodzi pa alendo, lina pa ine.
Kameta atangoponda pansi, jo! pamutu.
Wamawanga unathawira kunsi kwa nkhokwe,
wakuda unaima ndi mwendo umodzi pakati pa bwalo
kusowa poponda ndi winawo.

Kaimidwe kameneko ndimakadziwa.
Zaka khumi ndi zitatu zapitazo ndinafika pamudzi uno
ndi chikwama cha pepala, khasu ndi wailesi yopanda mabatire.
Mkamwini sayankhula mokweza.
Ndinalima mizere ya apongozi tambala asanalire,
ndinafolera nkhokwe zitatu zosakhala zanga,
alamu anga a Zakeyu akundijompha ndi nthabwala,
lero apa, mawa apo,
mpaka tsiku lina anandiitana ndi dzina langa
osazindikira kuti atero.

Alangizi anati alendo azikhala paokha masabata awiri,
dontho la katemera m'diso, kenako muone.
Ndiye ndaimanga luzi kumwendo patsinde la gwafa,
luzi lalitali lofika pamthunzi ndi paphale la madzi,
koma losafika kudimba la a Zakeyu,
komwe mpiru umodzi ungabale mlandu.
Mwana wanga Tiyanjane wakhala chonjuta pambali,
akuti kameta akumva kuzizira pakhosi,
timusokere kansalu.

Nankhoma sanayankhule.
Anayang'ana misoti, anayang'ana denga la udzu
lija limadontha pamutu pa mphasa,
n'kulowa m'nyumba.

Madzulo ndamata ming'alu ya khola lakale ndi dothi,
ndathira phulusa pansi kuthamangitsa utitiri,
ndatseka chitseko ndi mwala, poti vumbwe sagona.
Ndawerenga: umodzi, iwiri, itatu.
Ndawerenganso, ngati kuwerenga kungachulukitse.
M'mutu mwanga anapiye ayamba kale kuswa,
anapiye asanduka mbuzi, mbuzi yasanduka malata,
ndadziletsa ndekha, mazira ake sanaikiridwe.

Mbandakucha ndamva chitseko chikulira.
Ndasuzumira pazenera la thumba:
Nankhoma, chitenje chili m'khosi, lichero m'manja,
akumwaza madeya ndi timisere ta dzulo,
phazi lake likutchinga Mwinikhomo.
"Iwe dikira," akutero, "wadya zaka zingati pano?"
Kenako, chapansipansi, kwa kameta uja:
"Idya, mlendo. Nawenso uzolowera.
Wina uja ali m'nyumbamu anazolowera."